Kukhala pa kampu yaikulu ya mamembala ndi RV ku America

Ku America kuli makampu a magalimoto ogonamo, amene kumeneko amangoti RV, komwe munthu amalipira umembala wa pachaka m'malo molipira usiku uliwonse. Odziwika kwambiri ndi a Thousand Trails, omwe anayambira ku Chehalis m'chigawo cha Washington ndipo pano ali m'manja mwa kampani ya Equity LifeStyle Properties ya ku Chicago. Makampu awo alipo pafupifupi 80. Ena ndi aakulu ngati mudzi wathunthu: wa ku Clermont kufupi ndi Orlando, wa ku Palm Desert ku California, wa ku Cottonwood ku Arizona ndi wa ku Lake Conroe ku Texas ali ndi malo oimikapo mazanamazana, misewu yake, madamu osambira, zipinda zochapira ndi mlonda pageti. Musasokoneze umembala wotere ndi makadi ochotsera mtengo, monga Good Sam amene amachotsa 10 peresenti kapena Passport America amene amachotsa theka pa masiku ena. Ndi makadiwo mumalipirabe usiku uliwonse.

Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti khadi la umembala silikusungirani malo. Limangokulolani kulowa nawo pa mzere. Amene amapindula ndi amene adziwa kalendala yake ndiponso amene afika ndi zipangizo zotetezera RV yawo ku magetsi ndi madzi a pakampu yakale.

Kuwerenga masiku

Umembala wotsika mtengo wa Thousand Trails umatchedwa Camping Pass. Dziko analigawa m'mazoni asanu, ndipo mumagula zoni imodzi n'kuwonjezera ina ngati mukufuna. Lamulo lake lalikulu ndi ili: mutha kukhala mausiku 14 otsatizana pakampu imodzi, koma mukapitirira mausiku anayi muyenera kutuluka m'makampu awo onse kwa masiku 7 musanalowenso. Mukakhala mausiku anayi kapena ocheperapo, mutha kuchoka pakampu ina n'kukalowa pa inzake tsiku lomwelo.

Muchite masamu musanalipire. Masiku 14 mkati ndi 7 kunja ndi masiku 21, ndipo pachaka zimenezi zikutanthauza mausiku pafupifupi 243 mkati ndi 122 kunja. Mausiku 122 amenewo adzafuna malo ena, kaya kampu ya boma, kaya kampu yolipira, kaya pabwalo la wachibale, ndipo ndalama yake iyenera kulowa mu bajeti. Kwa munthu amene amangotuluka kumapeto a sabata masamu ndi ena: gawani mtengo wa chaka ndi mausiku amene mukudziwa kuti mudzagonadi kumeneko, osati amene mukulakalaka, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa usiku umodzi pakampu wamba ya m'dera lanu.

Kusungitsa malo kumatsegulidwa masiku 60 tsiku lofika lisanakwane. Ngati mukufuna kufika ku Florida pa 15 Januwale, tsiku lanu ndi 16 Novembala, ndipo musadikire madzulo. Vuto lake n'lakuti mamembala a umembala wapamwamba amatsegulirwa msanga. Amene ali ndi masiku 120 anayamba kusungitsa malo a pa 15 Januwale pomwepo kuyambira pa 17 Seputembala, ndipo ambiri mwa iwo amaloledwa kukhala masiku 21 n'kudumphira pakampu ina osatuluka. N'chifukwa chake m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene anthu a kumpoto amathawira chisanu ku Florida, Arizona ndi kum'mwera kwa California, mwini Camping Pass amapeza kuti kwadzaza kale. Makampu a kumpoto ndi a m'mphepete mwa nyanja ku Oregon amadzaza mu Julayi ndi Ogasiti, makamaka pa tchuthi cha 4 Julayi, komanso pa Labor Day, tchuthi cha Lolemba loyamba la Seputembala. Mukakanika, musagwe ulesi. Anthu amasintha maulendo tsiku ndi tsiku, choncho kuyang'ananso m'mawa uliwonse kumathandiza, ndipo kufika Lamlungu kapena Lolemba n'kosavuta kusiyana ndi Lachisanu. Mukasintha maganizo inuyo, fafanizitsani malo anu nthawi ikadalipo, chifukwa kusafika osanena kuli ndi chindapusa.

Za mgwirizano tinenepo pang'ono. Pakampu mudzaitanidwa ku msonkhano wa ogulitsa umembala wapamwamba, ndipo amadziwa kulankhula. Musasayine tsiku lomwelo. Pemphani pepala ndipo muyang'anepo zinthu zinayi: zaka zimene mwamangidwa, mmene ndalama ya pachaka imakwerera, ngati umembala umadzipitiriza wokha chaka chikatha, ndi njira youthetsera. Zigawo zambiri za ku America zili ndi lamulo lopatsa wogula masiku ochepa oti abweze maganizo, ndipo masikuwo amalembedwa mu mgwirizano momwemo. Zimene wogulitsa wanena pakamwa zokha zilibe mphamvu. Nzeru yabwino n'kuyamba ndi chaka chimodzi cha umembala wotsika n'kuona ngati makampuwo ali kumene inu mumapitadi.

Kufika ndi kusankha malo

Musananyamuke, lembani kutalika kwa RV yanu papepala n'kulimata pafupi ndi chiwongolero: kuchokera pansi mpaka pamwamba pa makina oziziritsa mpweya a padenga, komanso kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. RV zazitali kwambiri zimafika mafiti 13 ndi mainchi 6, ndipo makampu akale ali ndi nthambi zotsika. Ngati RV yanu yapitirira zaka 10, makampu ena amafuna kuona zithunzi zake kaye.

Yesetsani kufika nthawi yolandira alendo ikangoyamba, kawirikawiri masana. Pageti mudzaonetsa khadi la umembala ndi chiphaso, n'kulandira mapu, chikwangwani cha pagalimoto ndi nambala yotsegulira geti. Makampu ena amakupatsani nambala ya malo. Ena amakusiyani muzungulire nokha n'kusankha, kenako mukauze mlonda nambala imene mwatenga. Apa ndi pamene kufika msanga kumapindulitsa, chifukwa si malo onse amene ali ndi zonse. Ena ali ndi magetsi ndi madzi okha opanda suweji, ena ali ndi magetsi ochepa mphamvu a ma amp 30 okha, ndipo a ma amp 50 amayamba kutha, ngakhale kuti m'makampu ena amalipiritsa madola angapo owonjezera pa usiku. Ngati mukukoka kalavani yaikulu, funsani pomwe mungaiimike kaye kuti muzungulire wapansi kapena ndi galimoto yokha. Kulowa ndi kalavani ya mafiti 40 mu kamsewu kosatulukira kumatha ola lathunthu, ndipo anthu onse a mumzerewo amatuluka kudzaonerera.

Mukapeza malo, tsikani muwayendere. Onani kumene kuli bokosi la magetsi, mpope ndi dzenje la suweji, chifukwa pa RV zonsezi zimalumikizidwa mbali ya dalaivala ndipo chingwe cha magetsi kawirikawiri chimakhala cha mafiti 25 mpaka 30 basi. Yezani ngati zipinda zotulukira m'mbali, zija amati ma slide, zitseguke osagunda mtengo kapena bokosi. Yang'anani pansi: malo otsetsereka kwambiri, kapena olowa amene akuoneka kuti mvula ikagwa pamadikha madzi, asiyeni. Ndipo musanamasule chilichonse, yesani magetsi. Palibe chowawa ngati kumaliza kukhazika zonse n'kuzindikira kuti bokosi ndi lakufa.

Pobwerera m'mbuyo pakhale munthu pansi amene dalaivala akumuona pagalasi. Akasowa pagalasi, imani.

Kukhazika RV kuti isapendame kuli ndi ndondomeko yake. Yambani ndi kupendama kwa m'mbali, kalavani ikadali yolumikizidwa: ikani matabwa kapena mabuloko pansi pa matayala a mbali yotsika n'kukwezapo. Kenako tsekerani matayala ndi zotchingira, ndiye mumasule ku galimoto, ndiye mukonze kutsogolo ndi kumbuyo ndi jeke wa kutsogolo. Kumasula musanatchinge matayala ndi kumene kumagubuduza makalavani. Miyendo ya m'makona imatsika pomaliza, ndipo ntchito yake n'kuletsa kugwedezeka basi. Mukainyamulitsa kalavani, miyendoyo imapindika. Kupendama kumavutitsa ogona, komanso kumaononga firiji ya gasi, chifukwa madzi a amoniya a m'mapaipi ake amayenda motsetsereka okha. Ikapendama kupitirira madigiri atatu kwa maola ambiri, mapaipi amatentha n'kutsekeka, ndipo zikatero sizikonzeka.

Magetsi

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimapsera.

Pabokosi pamakhala masoketi a mitundu iwiri ikuluikulu. Ya ma amp 30 ili ndi mabowo atatu ndipo imapereka mavoti 120, kutanthauza mawati 3,600. Ya ma amp 50 ili ndi mabowo anayi ndipo ili ndi mizere iwiri ya ma amp 50 uliwonse, kutanthauza mawati 12,000. Choncho kusiyana kwake n'koposa katatu, ngakhale manambalawo akuoneka oyandikana. RV ya ma amp 50 itha kulumikizidwa pa soketi ya 30 ndi kachingwe kosinthira, kamene amakatcha dogbone, koma mphamvu imakhala ya 30 yomweyo. Makina oziziritsa mpweya amodzi amakoka ma amp pafupifupi 13, chotenthetsera madzi chikakhala pa magetsi pafupifupi 12, ndipo microwave pafupifupi 12. Zitatuzi pamodzi zakwana 37 ndipo breaker, swichi imene imadula magetsi mukakoka opitirira muyeso, yagwa kale, tisanawerenge chaja ya mabatire imene imakoka mwakachetechete. Pa ma amp 30, sinthirani chotenthetsera madzi ku gasi ndipo muzimitse choziziritsa mukamayatsa microwave kapena ketulo.

Makampu ambiri a mamembala anamangidwa kale, RV zisanayambe kukhala ndi makina oziziritsa awiri kapena atatu. Masana a tsiku lotentha, aliyense akayatsa, mavoti amatsika. Akatsika pansi pa 108, injini ya makina oziziritsa imakoka ma amp ochuluka, imatentha ndipo imafa pang'onopang'ono. Chotchingira mphezi wamba sichiona vuto limeneli. Chofunika ndi chipangizo chotchedwa EMS, monga cha Progressive Industries, Hughes kapena Southwire, chimene chimayesa bokosi chisanalole magetsi kudutsa ndipo chimadula chokha mavoti akatsika kufika cha m'ma 104 kapena akakwera kupitirira 132. Chimaonetsanso ngati mawaya analumikizidwa mopingasa kapena waya wachitetezo, uja wa earth, waduka. Zolakwika zoterezi zimatha kuchititsa kuti thupi lonse la RV likhale ndi magetsi, moti munthu wopanda nsapato akagwira chitseko ataponda pansi ponyowa amagwidwa. Mukamva ngakhale kunyerenyesa pang'ono pa chitseko kapena pa masitepe, zimitsani pabokosi nthawi yomweyo n'kuitana a kampu.

Polumikiza chitani motere. Zimitsani breaker ya pabokosi. Yang'anani soketi: ikakhala yakuda, yosungunuka kapena yokhwepa moti pulagi ikugwa yokha, pemphani malo ena, chifukwa pokhwepa ndi pamene pamatentha. Lowetsani EMS, yatsani breaker, werengani zimene ikuonetsa. Zikakhala bwino zimitsaninso, lumikizani chingwe cha RV, ndiye muyatse. Pochoka, breaker izime kaye pulagi isanazulidwe. Tsiku loyamba lotentha, kagwireni pulagi masana. Kufunda pang'ono si vuto, koma ikamaotcha dzanja chinachake chakhwepa.

EMS ikamadula masana aliwonse, musaichotse n'kulumikiza mwachindunji, ngakhale mnansi atakuuzani kuti iye amatero. Chepetsani zoyatsa, ikani firiji pa gasi, ndipo kauzeni ku ofesi kuti akusunthireni mzere wina.

Madzi

Mphamvu ya madzi pakampu yaikulu simakhala yofanana. Pafupi ndi pampu kapena kumunsi kwa phiri imatha kupitirira 100 psi (muyeso wa mphamvu ya madzi), pamene mapaipi a RV amafuna 40 mpaka 50. Ikani chochepetsera mphamvu pampope penipeni, paipi isanayambe, kuti nayonso paipiyo itetezedwe. Pambuyo pake pabwere sefa, ndiye paipi ya madzi akumwa, yoyera kapena yabuluu. Paipi yobiriwira ya kudimba imasiya fungo ndi mankhwala m'madzi. Tsegulani mpope kwa masekondi angapo musanalumikize kuti dzimbiri ndi tizilombo zituluke, ndipo pukutani kukamwa kwa mpope ndi madzi a Jik, popeza simudziwa chimene munthu wa dzulo anatsukirapo. Mukamachoka tsiku lonse, tsekani mpope. Cholumikizira chimodzi chikaphulika mkati inu kulibe, mupeza pansi ponse pafufuma.

Usiku umene kuzizira kufike madigiri 32 pa Fahrenheit, amene ndi 0 pa Celsius, dzazani thanki ya mkati, masulani paipi n'kuikhuthula. Izi zimachitika ngakhale ku Arizona ndi ku Texas mu Januwale.

Suweji

RV ili ndi mathanki awiri a zonyansa: yakuda ya kuchimbudzi ndi yotuwa ya kubafa ndi kusinki. Cholakwa chofala kwambiri n'kusiya vavu ya thanki yakuda yotsegula poganiza kuti, popeza mwalumikiza ku suweji, zonse zizingopita ngati kunyumba. Madzi amapitadi, koma zolimba zimatsala, zimaunjikana pansi pa chimbudzi ngati chulu n'kuuma, ndipo kuzichotsa ndi ntchito yonunkha ya tsiku lathunthu. Vavu yakuda ikhale yotseka mpaka thanki itadzaza magawo awiri mwa atatu, kuti kulemera kwa madzi kukokolole zonse. Musaumire madzi pogejemula.

Potaya, valani magolovesi. Paipi ya mainchi atatu ilowe bwino m'dzenje ndi chigongono chokhala ndi labala, chifukwa makampu ambiri salola yongolowetsa, ndipo ikhale pa zochirikiza kuti itsetsereke osapanga thumba. Tsegulani kaye vavu yotuwa kwa masekondi awiri kapena atatu kuti muone ngati pali podontha: kuli bwino kudziwa ndi madzi a sopo. Itsekeni, tsegulani yakuda mpaka itatha, itsekeni, ndiye mutsegule yotuwa kuti itsuke paipi. Chigongono choonekera mkati chimakuuzani kuti madzi ayera. Pomaliza thirani magaloni atatu kapena anayi m'chimbudzi, kapena kuti malita 11 mpaka 15, kuti pansi pa thanki pasaume. Ngati RV ili ndi polumikizira paipi yotsukira thanki yakuda, gwiritsani ntchito paipi ina yosiyana ndi ya madzi akumwa, ndipo musachokepo madzi akulowa vavu ili yotseka. Thanki ikadzaza, zonyansa zimatulukira m'chimbudzi kapena pa kapaipi ka padenga.

Vavu yotuwa ena amaisiya yotsegula. Zimatheka, koma pakampu yaikulu fungo ndi tintchentche ta m'suweji timakwera ndi paipi. Itsekeni tsiku limodzi musanataye yakuda kuti mukhale ndi madzi otsukira.

Pamalo opanda suweji, banja la anthu awiri limadzaza thanki yotuwa m'masiku ochepa chabe ngati likusamba mkati. Sambani ku mabafa a kampu. Njira zotayira zilipo zitatu: kupita ndi RV yonse pa malo otayira, kugula kathanki ka matayala kokoka ndi galimoto pang'onopang'ono, kapena kulembetsa ku ofesi ngati ali ndi galimoto yopopa imene imazungulira masiku ena pa mtengo wake. Kutayira madzi otuwa pansi n'koletsedwa.

Kukhala ndi anthu

Liwiro mkati mwa kampu ndi mamailosi 5 mpaka 10 pa ola, ndipo alonda saseka nazo chifukwa ana amayenda pa njinga paliponse. Phokoso limatha cha m'ma 10 kapena 11 koloko usiku. Galu akhale pa chingwe, ndipo zimene wasiya mutole. Malo a mnzanu ndi khomo lake, musadutsepo pofupikitsa njira ya kubafa. Alendo amalembetsa pageti. Muonanso kuti mizere ina ili ndi anthu okhazikika amene amalipira malo awo pachaka, okhala ndi makhonde ndi maluwa. Amenewa ndi amene amadziwa mzere wa magetsi ofooka ndi makina ochapira amene amadya ndalama, choncho apatseni moni. Kuchapa kumafuna makobidi a 25 cents kapena khadi, ndipo Loweruka m'mawa pamakhala mzere.

Nkhuni mugule komweko. Zigawo zambiri zimaletsa kuyenda nazo mtunda wautali chifukwa cha tizilombo monga emerald ash borer, kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002 ndipo kapha mitengo yosawerengeka. Ku California, Oregon ndi Washington moto wa nkhuni umaletsedwa kawirikawiri m'miyezi yotentha, ndiye funsani pageti musanakoleze.

Wi-Fi ya pakampu musaidalire pa ntchito. Makampu ambiri ali m'nkhalango kapena m'zigwa, ndipo madzulo anthu onse akalowa pa intaneti ngakhale netiweki ya foni imafooka. Yesani foni yanu pamalo pomwepo musanakhazike, chifukwa kumtunda kwa kampu ndi kumunsi kumasiyana. Intaneti ya setilaiti ya Starlink imafuna thambo loonekera, ndiye malo a mthunzi wabwino ndi amene amaidula. Za makalata, makampu ena salandira ndipo ena amalipiritsa pa phukusi lililonse. Positi ofesi ya m'tauni yapafupi itha kukusungirani kudzera mu General Delivery mpaka masiku 30.

Chinsalu cha mthunzi cha pambali chipindeni nthawi iliyonse mukamachoka kapena kukagona. Mphepo ya mphindi imodzi imathyola mikono yake n'kuiponya padenga. M'zigawo za pakati, kumene kumachitika akamvuluvulu oopsa aja a tornado, funsani tsiku loyamba nyumba yothawirako, kawirikawiri ndi mabafa a njerwa, chifukwa m'kati mwa RV simobisalamo. Ku Florida ndi ku gombe la Texas nyengo ya namondwe imayamba pa 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo kampu ikalamula kuti anthu atuluke mumatuluka, choncho thanki ya mafuta isamakhale yopanda kanthu.

Madzulo a tsiku lomaliza tayani thanki yakuda, pindani zakunja ndipo m'mawa mwake yezani mpweya wa m'matayala akadali ozizira. Pa malo otayira pamakhala mzere wautali nthawi yotuluka ikayandikira, makamaka Lamlungu. Mukamanga zonse, zungulirani RV kawiri wapansi, ulendo woyamba mukuyang'ana m'mwamba: mlongoti wa TV, mazenera a padenga, chinsalu, ma slide. Ulendo wachiwiri mukuyang'ana pansi: chingwe, mapaipi, miyendo, masitepe, zotchingira matayala. Chochepetsera mphamvu ya madzi ndicho chimaiwalika kwambiri pampope. Chikwangwani cha pagalimoto chibwezeni pageti ngati akuchifuna, ndipo ngati munakhala kupitirira mausiku anayi, muwerenge masiku 7 kuyambira tsiku lotulukalo musanalowe pakampu yotsatira.